Greatest Hits ya Queen: chimbale chogulidwa kuposa zonse m'mbiri ya Britain

Greatest Hits ndi chimbale cha nyimbo zosankhidwa cha Queen, gulu loyimba chamba cha rock la m'dziko la Britain. Kampani ya EMI ndiyo idachitulutsa pa 26 Okutobala 1981. Malinga ndi bungwe la Official Charts Company, lomwe limasonkhanitsa mndandanda wa nyimbo ndi zimbale zoyenda malonda m'dzikolo, palibe chimbale china chomwe chidagulidwa kwambiri ku Britain kuposa ichi. Mu Febuluwale 2014 chidakhala choyamba kukwanitsa makope 6 miliyoni, ndipo mu Julayi 2022 chidakhalanso choyamba kufika pa 7 miliyoni. Padziko lonse, chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi makope oposa 25 miliyoni.

Ngakhale zili choncho, chimbalechi chidakhala pa nambala 1 masabata anayi okha, ndipo onsewo adali a kumapeto kwa chaka cha 1981. Chimbale cha Adele chotchedwa 21, chomwe chidatuluka mu 2011, chidakhala pamwamba masabata 23, koma pa malonda onse chili kumbuyo. Greatest Hits idafika pomwe ili chifukwa chogulidwa mosalekeza, sabata ndi sabata, kwa zaka zoposa 40, ndipo m'zaka zimenezi njira yowerengera malonda a nyimbo yasintha kangapo.

Gululo ndi nyimbo zomwe zili m'chimbalemo

Queen idayamba mumzinda wa London mu 1970. Oyambitsa ake adali Freddie Mercury, yemwe adali woyimba wamkulu komanso ankaliza piyano, Brian May wa gitala, ndi Roger Taylor wa ng'oma. John Deacon, wa gitala ya besi, adalowa mu 1971. Mercury adabadwira ku Stone Town pachilumba cha Zanzibar pa 5 Seputembala 1946, ndipo dzina lake lobadwa nalo lidali Farrokh Bulsara. Makolo ake adali a mtundu wa Parsi ochokera ku India, komwenso iye adachita maphunziro ake. Banjalo lidasamukira ku England mu 1964, chaka chomwe ku Zanzibar kudachitika kuukira komwe kudagwetsa ufumu wa Sultan.

Pofika 1981 gululi lidali litajambula zimbale zisanu ndi zinayi mu situdiyo. Greatest Hits ya ku Britain idatola nyimbo 17 zomwe zidatuluka pazokhapazokha pakati pa 1974 ndi 1980. Mwa nyimbozi, 10 adapeka ndi Mercury, zisanu ndi May ndipo ziwiri ndi Deacon. Taylor alibemo nyimbo yopeka yekha. Yake yotchuka, Radio Ga Ga, idabwera mu 1984. Chithunzi cha pachikuto adajambula ndi Lord Snowdon, yemwe adali mwamuna wa Princess Margaret, mng'ono wake wa Mfumukazi Elizabeth II.

Mwa nyimbo 17 zija, imodzi yokha ndiyo idafikapo pa nambala 1 ku Britain. Imeneyi ndi Bohemian Rhapsody, yomwe idakhala pamwamba masabata asanu ndi anayi kuyambira kumapeto kwa 1975. Killer Queen, Somebody to Love, We Are the Champions ndi Crazy Little Thing Called Love zonse zidalekezera pa nambala 2. Don't Stop Me Now, yomwe m'zaka za pambuyo pake idadzakhala imodzi mwa nyimbo za gululi zomvedwa kwambiri, idalekezera pa nambala 9. Under Pressure, yomwe Queen idayimba pamodzi ndi David Bowie, idafika pa nambala 1 mu Novembala 1981 panthawi yomwe chimbalechi chidalinso pamwamba, koma m'makope a ku Britain mudalibe nyimboyi.

Dzina la chimbale lidali limodzi ponseponse, koma zamkatimu zinkasiyana malinga ndi dziko. Ku America kampani ya Elektra idatulutsa nyimbo 14, kuphatikizapo Under Pressure. Ku Japan adaikamo Teo Torriatte, yomwe mbali ina idayimbidwa m'Chijapani, pomwe ku Argentina ndi ku Brazil adaikamo Love of My Life, yomwe anthu akumeneko adaikonda kwambiri pomwe gululi lidakayimba m'mabwalo awo a mpira kumayambiriro kwa 1981.

Makampani ojambula nyimbo amazikonda zimbale za mtundu umenewu pa chifukwa chosabisika. Nyimbo zimakhala kuti zidajambulidwa kale ndipo ndalama zake zidabwezedwa, choncho chotsala n'kuzidinda ndi kuzitsatsa basi. Wogulanso amapeza m'chimbale chimodzi zomwe zikadamufunira zimbale zisanu ndi zitatu. Sizodabwitsa kuti EMI idachitulutsa kumapeto kwa Okutobala, pomwe malonda a Khirisimasi amayamba, pamodzi ndi kaseti ya kanema yotchedwa Greatest Flix ndi buku la zithunzi lotchedwa Greatest Pix.

Pa mndandanda wa ku Britain

Chimbalechi chidalowa pa nambala 2, ndipo sabata yotsatira chidakwera pamwamba. Chitatsika, sichidazimirire monga zimachitira zimbale zambiri. Chinkatsikira pansi pa mndandanda, nthawi zina kutulukamo, kenako n'kubwerera pakachitika chinthu chokumbutsa anthu za gululi.

Chokumbutsa choyamba chachikulu chidali Live Aid, phwando la nyimbo lomwe lidachitika pa bwalo la Wembley pa 13 Julayi 1985 pofuna kupeza ndalama zothandizira anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Queen idayimba kwa mphindi pafupifupi 20, ndipo nyimbo zinayi mwa zisanu ndi imodzi zomwe idayimba zili m'chimbalechi. Chachiwiri chidali imfa ya Mercury pa 24 Novembala 1991, patangotha tsiku limodzi atalengeza kuti akudwala Edzi. Greatest Hits II, yomwe idatola nyimbo za m'zaka za m'ma 1980 ndi za 1991, idali itatuluka mwezi usadathe, pa 28 Okutobala, ndipo idafika pa nambala 1. Bohemian Rhapsody idatulutsidwanso n'kukhala pamwamba masabata ena asanu, ndalama zake n'kupita ku bungwe lolimbana ndi Edzi la Terrence Higgins Trust. Chachitatu chidali kanema wonena za moyo wa Mercury, yemwe adatenga dzina la nyimbo yomweyo. Kanemayu adatuluka mu 2018, adapeza ndalama zoposa madola 900 miliyoni ndipo adalandira mphoto zinayi za Oscar mu 2019.

Lamulo lina la mndandandawu lidachithandizanso chimbalechi. Kuyambira mu Januwale 1989, zimbale zosonkhanitsa nyimbo za oyimba osiyanasiyana zidachotsedwa pa mndandanda waukulu n'kupatsidwa wawo. Zimbale zosankhidwa za woyimba mmodzi kapena gulu limodzi zidatsala. Ndicho chifukwa chake zimbale zitatu zoyamba kukwanitsa masabata 1,000 pa mndandanda wa zimbale 100 zapamwamba zonse ndi za mtundu umenewu: Gold ya gulu la ABBA la ku Sweden, yomwe idayamba mu Julayi 2021, Legend ya Bob Marley ndi The Wailers, ndi Greatest Hits ya Queen, yomwe idafikapo mu Juni 2022. Masabata 1,000 ndi zaka zoposa 19.

Mu Julayi 2021 chimbalechi chidatsala pang'ono kubwerera pa nambala 1. Chidatulutsidwanso pokumbukira kuti chakwanitsa zaka 40, ndipo pakati pa sabata chidali patsogolo, koma pomaliza chidagonja mwapang'ono kwa Olivia Rodrigo, mtsikana wa ku America yemwe adabadwa patatha zaka zoposa 11 Mercury atamwalira.

Tanthauzo la makope 7 miliyoni

Mu Novembala 2006, pokondwerera zaka 50 za mndandanda wa zimbale, bungwe losonkhanitsa mndandandawu lidalengeza kuti Greatest Hits yagulidwa makope oposa 5.4 miliyoni. Pa nambala 2 padali Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band ya The Beatles, ndi makope 4.8 miliyoni. Pambuyo pake Gold ya ABBA idadutsa The Beatles n'kukhala yachiwiri, koma Queen sidasunthike.

Ziwerengero za 2006, 2014 ndi 2022 zikayikidwa pamodzi zimaonetsa chinthu chosayembekezeka. Kuchoka pa 5.4 miliyoni kufika pa 6 miliyoni padatenga zaka zoposa zisanu ndi ziwiri, zomwe ndi makope pafupifupi 1,600 pa sabata. Kuchoka pa 6 miliyoni kufika pa 7 miliyoni padatenga zaka zisanu ndi zitatu ndi miyezi isanu, zomwe ndi makope pafupifupi 2,300 pa sabata. Chimbale chidayamba kuyenda mofulumira chitakalamba, panthawi yomwe malonda a ma CD adali akutsika ndipo masitolo ambiri ogulitsa nyimbo ku Britain adali akutsekedwa.

Kanema wa 2018 ndi gawo la yankho. Gawo lina lalikulu ndi loti mawu oti kope adasintha tanthauzo. Mu 1981 kope lidali lekodi ya galamafoni kapena kaseti yomwe munthu walipira pa sitolo n'kunyamula kupita nayo kwawo. Kenako padabwera CD, ndipo m'zaka za m'ma 2000 padabwera kugula nyimbo pa intaneti. Kuyambira mu Malichi 2015, mndandanda wa zimbale wa ku Britain udayamba kuwerengeranso kumvera nyimbo pa intaneti kudzera ku makampani monga Spotify. Malinga ndi lamulo la chaka chimenecho, ankatenga nyimbo 12 za m'chimbale zomwe zamvedwa kwambiri pa sabata. Ziwiri zapamwamba ankazitsitsa kuti zifanane ndi muyeso wapakati wa 10 zotsalazo, pofuna kuti nyimbo imodzi yotchuka isanyamule chimbale chonse. Akatero ankaphatikiza zonse n'kugawa ndi 1,000. Maulendo 1,000 omvera ankawerengedwa ngati kope limodzi.

Lamulo limeneli limakomera kwambiri chimbale ngati Greatest Hits. Chimbale wamba chimakhala ndi nyimbo ziwiri kapena zitatu zokondedwa, zina zonse anthu n'kumazilumpha, ndipo zokondedwazo n'zomwe zimatsitsidwa. M'chimbale cha nyimbo zosankhidwa, nyimbo zonse 12 zimamvedwa mochuluka, choncho kutsitsa ziwiri sikuchepetsa zambiri. Womverayo angakhale kuti sadatsegule n'komwe chimbalecho, wangomva nyimbo imodzi pakati pa za oyimba ena ali pa basi kapena ku malo olimbitsira thupi, koma kumverako kumawerengedwabe. Polengeza za 7 miliyoni, bungweli lidati nyimbo za m'chimbalechi zidali zitamvedwa maulendo 1.26 biliyoni ku Britain, ndipo 240 miliyoni mwa iwo adali a Bohemian Rhapsody yokha.

Bungweli lidatinso chiwerengerochi chikufanana ndi khomo limodzi mwa makomo anayi aliwonse a m'dzikolo. Uku n'kuyerekeza chabe. Munthu yemwe adagula lekodi mu 1981, kaseti ya m'galimoto mu 1986 ndi CD mu 1994 amawerengedwa katatu. Mbali inayi, kope logulidwa pa kaunjika, lobwerekedwa kapena lojambulidwa pa kaseti yopanda kanthu siliwerengedwa konse, ngakhale litamvedwa ndi mudzi wonse.

Ziwerengero za zaka zoyambirira nazo n'zosiyana kulimba kwake ndi za pambuyo pake. Mu 1981 kampani ya British Market Research Bureau ndiyo inkasonkhanitsa mndandanda, ndipo inkadalira masitolo mazana angapo omwe ankalemba malonda awo pamanja. Kampani ya Gallup idatenga ntchitoyi mu 1983 n'kuyamba kugwiritsa ntchito makina, ndipo mu 1994 idapita kwa Millward Brown. Malonda a zaka za 1994 isadafike amapezeka poyerekeza zolembedwa za nthawiyo ndi za makampani ojambula nyimbo. Izi sizichotsa Queen pamalo oyamba, pakuti mpata wake ndi ABBA ndi waukulu, koma zikutanthauza kuti manambala otsirizira a chiwerengero chilichonse cha malonda onse sayenera kuwerengedwa ngati a pa lisiti.

Ku America

Ku America nkhani idayenda mwina. Mu 1980 Queen idali ndi nyimbo ziwiri pa nambala 1 kumeneko, Crazy Little Thing Called Love ndi Another One Bites the Dust, koma Greatest Hits idalekezera pa nambala 14 pa mndandanda wa magazini ya Billboard. Ulendo wa 1982 udali womaliza gululi kuyimba ku America lili ndi Mercury, ndipo m'zaka zotsatira mbiri yake idazilala m'dzikolo.

Idadzukanso mu 1992, pomwe kanema wanthabwala wa Wayne's World adagwiritsa ntchito Bohemian Rhapsody, nyimboyo n'kufika pa nambala 2. Kampani ya Hollywood Records, ya Disney, yomwe idali itatenga nyimbo za gululi ku North America, idatulutsa chimbale cha Classic Queen chomwe chidafika pa nambala 4. Chaka chomwecho idatulutsanso Greatest Hits ina ya chikuto chofiira, yomwe idafika pa nambala 11. Mmenemu mudalibe Bohemian Rhapsody, popeza idali kale mu Classic Queen, choncho wofuna nyimbo zonse zotchuka ankayenera kugula zimbale ziwiri. Ndandanda wa nyimbo wa ku Britain udadzatuluka ku America mu 2004.

Greatest Hits idalowa koyamba m'gulu la zimbale 10 zapamwamba za Billboard mu Novembala 2020, patatha zaka 39 chitulukireni, ndipo idafika pa nambala 8. Chidachititsa ndi masitolo a Walmart, omwe sabata imeneyo adatsitsa mtengo wa malekodi a galamafoni, omwe adali atayambanso kuyenda malonda.

Poyerekeza maiko awiriwa, mawu oti platinum amasokoneza ambiri. Ku Britain bungwe la BPI limapereka ulemu umenewu chimbale chikafika makope 300,000, pomwe ku America bungwe la RIAA limafuna 1 miliyoni. Ku Britain, kuyambira 2013 ulemuwu umaperekedwa wokha potsatira ziwerengero za mndandanda. Ku America kampani ya chimbale ndiyo imapempha kuti mabuku ake afufuzidwe, choncho chiwerengero chikhoza kuima zaka zambiri kenako n'kulumpha tsiku limodzi. Zoterezi zidachitika ndi chimbale china cha nyimbo zosankhidwa, Their Greatest Hits (1971–1975) cha gulu la Eagles. Ichi chidali choyamba kulandira platinum ya RIAA mu Febuluwale 1976, ndipo mu Ogasiti 2018 chiwerengero chake chidachoka pa 29 miliyoni kufika pa 38 miliyoni, n'kudutsa Thriller ya Michael Jackson. Nachonso chidakhala pa nambala 1 masabata asanu okha. Greatest Hits ya Queen idali italandira platinum ya RIAA maulendo asanu ndi anayi pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020.

Queen ndi kummwera kwa Africa

M'chigawo chino dzina la gululi lili ndi mbiri ina yomwe ziwerengero za malonda sizionetsa. Mu Okutobala 1984, patatha zaka zitatu Greatest Hits itatuluka, Queen idakayimba maulendo asanu ndi anayi ku Sun City, malo achisangalalo omwe Sol Kerzner adatsegula mu 1979 ku Bophuthatswana. Dera limeneli boma la tsankho la South Africa lidalipatsa ufulu wa dzina lokha mu 1977, ndipo palibe dziko lina lomwe lidalivomereza. Bungwe la United Nations lidali litapempha oyimba kuti asapite ku South Africa. Gululi lidayankha kuti si la ndale ndiponso kuti lidayimbira anthu a mitundu yonse, ndipo lidathandiza sukulu ina ya ana osamva ndi osaona m'deralo. Izi sizidakhutiritse odzudzula. Bungwe la oyimba la ku Britain, Musicians' Union, lidalipiritsa gululi chindapusa, ndipo United Nations idalilemba pa ndandanda wa ophwanya pempholo. Patatha zaka zambiri, mu 2021, Taylor adavomereza poyera kuti kupita ku Sun City kudali kulakwitsa.

Ogula a ku Britain sadaleke kugula chifukwa cha nkhaniyi, ndipo patangotha miyezi isanu ndi inayi padabwera Live Aid. May ndi Taylor adabwereranso ku South Africa pa 29 Novembala 2003, pomwe adayimba pa bwalo la Green Point mumzinda wa Cape Town pa phwando la 46664, lomwe Nelson Mandela adaitanitsa polimbana ndi Edzi, matenda omwe adapha mnzawo. Ku Stone Town, nyumba yosungiramo zinthu zokumbukira Mercury idatsegulidwa mu 2019.

Eni ake a nyimbozi

Kwa zaka zambiri ndalama za nyimbo za gululi zinkadzera ku kampani ya Queen Productions, yomwe eni ake adali May, Taylor, Deacon ndi osunga chuma cha Mercury, aliyense ndi gawo lofanana. Deacon adasiya kuyimba mu 1997 ndipo sakhala nawo pa maulendo omwe anzake awiri akhala akuchita ndi oyimba ena, koma gawo lake lidakhalabe. Kunja kwa North America, chimbalechi chidachoka ku EMI kupita ku Island Records, ya Universal, mu 2011. Mu 2024 nyuzipepala zidalemba kuti kampani ya Sony Music yagula umwini wa nyimbo za Queen pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 1 biliyoni, womwe panthawiyo udali waukulu kuposa wina uliwonse wodziwika womwe udaperekedwapo pa nyimbo za woyimba mmodzi kapena gulu limodzi.